Funsani Anamwino: Lamba wa Pamimba Pambuyo pa Opareshoni

Pamene ndinkagwira ntchito m'wodi ya anthu ochitidwa opareshoni, nkhani yochepetsa mimba ndi mpeni tinkaiyesa ya azungu ndi anthu a pa TV. Masiku ano amayi athu omwe, ena a malonda, ena a m'maofesi, akupita ku Lusaka, ku South Africa, ku India ngakhale ku Turkey, n'kubwerako atasokedwa kuyambira mbali ino ya chiuno mpaka mbali inayo. Akafika kuno kummawa, dokotala amene anawachita opareshoni ali kutali, ndiye mafunso akugwera ife. Mwezi uno ndasankha makalata okhudza chovala chothina chimene amapatsidwa potuluka m'chipatala. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Funso: Anamwino, ndine mayi wa zaka 41, ndili ndi ana 4, omaliza ndi mapasa. Mapasawo atabadwa mimba inangotsala lende, khungu likugwera pansi, ndipo nthawi yotentha m'kapindamo munkatuluka zilonda. Ndinasunga ndalama za malonda anga a zitenje mpaka ndinakachitidwa opareshoni yochepetsa mimba, ija amati tummy tuck, ku Lusaka. Tsopano patha milungu 3. Anandipatsa chovala chothina choyambira pansi pa mabere mpaka m'ntchafu, akuti ndizivala usana ndi usiku kwa milungu 6. Koma ndi kutentha kwa Okutobala kuno sindikugona, thupi lonse kuyabwa. Komanso mimba sinaphwe monga ndinkayembekezera. Madzulo imatupa, ndipo pamwamba pa chilonda pali malo ofewa, ndikadina mumayenda madzi. Akulu anga akuti chovalacho chalekerera, ndizikulunga chitenje pamwamba pake n'kumanga zolimba kuti madziwo aphwe. Ndivule kapena ndimangitse? — Mayi wa ku Kapata

Yankho: Mwana wanga, zonse ziwirizo ayi. Koma ndiyambe ndi malo ofewawo chifukwa ndi amene sangadikire.

Madzi amenewo madokotala amawatcha seroma, ndipo pa mavuto onse obwera pambuyo pa opareshoni yanuyi, ili ndi limene timaliona kawirikawiri, makamaka timapaipi totulutsa madzi tikangochotsedwa. Si mafinya. Ndi madzi achikasu amene thupi limatulutsa pamalo povulala. Akakhala ochepa thupi limawamwa lokha. Akachuluka amafunika kuwapopa ndi jakisoni, nthawi zina maulendo angapo, ndipo ntchito imeneyi ndi ya kuchipatala, pamalo paukhondo. Mukawasiya nthawi yaitali akhoza kulowa majeremusi, kapena thupi limawakutira ndi kachikopa kolimba komwe pochotsa pamafunikanso mpeni. Imbirani foni dokotala amene anakuchitani, mumutumizire chithunzi pa WhatsApp, ndipo sabata ino isathe musanaonedwe ndi maso. Ku Chipata Central Hospital kuli madokotala a opareshoni. Mutenge pepala limene anakupatsani potuluka. Ngati malowo afiira, akutentha, akununkha, kapena thupi latentha kufika madigiri 38, musadikire n'komwe kuti kuche.

Ndikudziwa chimene chimakugwirani miyendo. Mukuopa kuti anamwino akanena kuti munadzifunira nokha. Ena pothawa manyazi amakanama kuti anachotsedwa chotupa cha m'chiberekero, dokotala n'kumafufuza kolakwika. Kanene zoona, mwana wanga. Mayi amene ankavutika ndi zilonda pansi pa khungu lolendewera alibe chifukwa chopepesera munthu, ndipo ngakhale mukanachita pongofuna kuti diresi ikukhaleni, chilonda ndi chilonda basi.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika m'mimba mwanumo muli mtulo, chifukwa mukazimvetsa simudzafunsanso za chitenje. Dokotala anacheka m'munsi, pamwamba pang'ono pa chinena, kuchokera fupa la chiuno ili kufika linalo. Kenako anasendeza khungu pamodzi ndi mafuta ake kulichotsa pa minofu, kukwera mpaka kufupi ndi nthiti. Minofu iwiri yaitali ya pamimba, imene mapasa anaitalikitsa, anaikokera pakati n'kuisoka. Atatero anakokera khungu pansi, kudula lotsala, n'kuboola malo atsopano otulukira mchombo. Ndiye chilonda chimene mukuona ndi mzere chabe. Chilonda chenicheni chili m'kati, chachikulu kuposa zikhatho zanu ziwiri, pakati pa khungu ndi minofu. Mbali ziwirizi ziyenera kumatirirananso. Inu a ku Chipata njinga mumazidziwa: womata chubu akaika chigamba amachipanikiza mofanana ponseponse kuti chigwire, sachita kuchiponda ndi mwala mpaka chubu kung'ambika. Ntchito ya chovala chanu ndi yomweyo. Chimagwirizira khungu pa minofu, chimachepetsa kutupa, ndipo mukamatsokomola, kuseka kapena kudzuka pabedi chimakuthandizani kuti ulusi wa m'kati usakokeke. Mafuta sichisungunula, madzi amene asonkhana kale sichiumitsa. Ndipo ndisabise, madokotala eni ake sagwirizana kuti chovalachi chimateteza seroma mpaka pati. Ena amasoka khungu ku minofu m'kati ndi timaulusi tambiri, moti sadalira kwambiri chovala. N'chifukwa chake masiku amene dokotala wanu anakuuzani ndiwo muyenera kutsata, osati a mnzanu amene anachitidwa kwina.

Kuopsa kwa chitenje cha akulu anu kuli apa. Posendeza khungu lija, timitsempha tambiri timene tinkalipatsa magazi kuchokera pansi tinadulidwa. Panopa magazi akufika kuchokera m'mbali ndi kumtunda, ndipo malo amene amafikako movutikira kwambiri ndi pakati penipeni, pamwamba pa chilonda, pansi pa mchombo. Mukafinya pamenepo ndi mfundo ya chitenje, khungu limayamba kuda, kutuluka matuza, kenako kufa. Choipa n'chakuti simumva kuwawa, chifukwa malo omwewo ndi amene achita dzanzi. Ndinaonapo chilonda chotere chikutenga miyezi chikutsukidwa tsiku ndi tsiku, mwini wake atalipira ndalama zambiri kuti mimba ikongole.

Pali zinanso. Minofu yanu yasokedwa kale mothina, m'mimba malo achepa. Mukaonjezera kufinya kunja, mapapo satambasuka bwino, mumapuma pamwambapamwamba, ndipo chibayo chimapeza polowera. Chakudya chimabwerera kukhosi ndi kutentha pamtima. Magazi ochokera m'miyendo amachedwa kubwerera kumtima, ndiye akhoza kuundana m'mitsempha. Pa maopareshoni okongoletsa thupi, tummy tuck ndi imodzi mwa imene vuto la kuundana kwa magazili limachitika kwambiri, choncho si nkhani yoseweretsa.

Muyeso wake ndi wosavuta. Chikhatho chanu chizilowa pakati pa chovala ndi thupi popanda kulimbana. Muzitha kupuma mpweya wodzaza chifuwa, kudya nsima yanu n'kukhala pampando. Mukavula posamba, mizere ya chovala pakhungu izizimiririka pasanapite nthawi. Mukaona mzere wozama, malo otuwa kapena akuda, matuza, kapena miyendo ikuchita dzanzi ndi kutupa, chathina. Chisapindike kapena kukulungika, chifukwa mpindo umodzi wokhala malo amodzi tsiku lonse umasiya ngalande pakhungu. Povala gonani chagada, yambani kukoleka ngowe za m'munsi kukwera m'mwamba, ndipo wina akuthandizeni kuchiwongola kumbuyo. Ngati chalekereradi, pakuti kutupa kukamachepa zimatheka, sunthirani ku mzere wotsatira wa ngowe kapena funsani dokotala za saizi yocheperako. Tengani tepi ya atelala muyeze m'chiuno ndi m'matako, musagule mongoyerekeza, ndipo musagule chaching'ono dala poganiza kuti mimba itsatira.

Za kutentha ndikumva nanu. Okutobala wa kuno amadutsa madigiri 30 masiku ambiri, ndipo anzathu a ku chigwa, ku Mambwe ndi ku Mfuwe, amaona zoposa pamenepo. Koma walira mvula walira matope. Chimene mungachite ndi ichi: pansi pa chovala valani vesiti yopyapyala ya kotoni yopanda misoko yokhuthala, muziisintha ikanyowa ndi thukuta, ngakhale kawiri kapena katatu pa tsiku. Khalani ndi zovala zothinazo ziwiri kuti china chikachapidwa china chili m'thupi. Posamba vulani, sambani madzi ofunda pang'ono, pukutani modinadina osati mokhula, dikirani khungu liume bwinobwino, makamaka mu mchombo ndi m'mphechepeche, kenako valani. Mphindi 20 kapena 30 muli chigonere mphepo ikukupitani sizingawononge kanthu. Nthawi yoyamba kuvula khalani pansi kaye, ena amachita chizungulire. Pa chilonda musathire paudala, Vaseline kapena mafuta onunkhira dokotala asanalole. Kuyabwa kukanyanya, kuchipatala kuli mapiritsi ake, musakande ndi zikhadabo pamalo pomwe simukumva.

Pochapa gwiritsani ntchito madzi ozizira ndi sopo wofewa, osakamula mopotokola, osasita, chifukwa moto umapha mphira. Apa pali kanthu kamene mapepala ochokera kunja sangakuuzeni. Mvula ikayamba, ntchentche zija zoikira mazira pa zovala zonyowa zimachuluka, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Zovala zina timaziteteza ndi kusita, koma ichi sichisitidwa. Chiyanikeni m'nyumba pa chingwe pafupi ndi windo, osati pa udzu kapena pa mpanda. Vesiti ya kotoni ija yokha muziisita.

Kutupa kwa madzulo kusakuopseni. Timitsempha tochotsa madzi m'khungu tinadulidwa, ndipo timatenga miyezi kuti tipange njira zatsopano. M'mawa mimba imaoneka yophwa, madzulo mutayendayenda yakwera. Zimenezi zimapitirira miyezi 3 mpaka 6, ndipo maonekedwe enieni ena amawaona chaka chitatha. Chepetsani mchere ndi soda wa m'ndiwo, imwani madzi, yendani pang'onopang'ono pabwalo kangapo pa tsiku.

Simunafunse za malonda koma ndikudziwa kuti mtima uli kumsika. Pa milungu 3 chilonda sichinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya khungu labwino. Madokotala ambiri amaletsa kunyamula choposa makilogalamu 5 mpaka milungu 6 itakwana. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo belo la zitenje mukulidziwa nokha. Chovala chikakugwirani bwino mumadziona ngati mwachira, apo ndi pamene ambiri amadzipweteka. Akulu anuwo, poti amakukondani, apatseni ntchito yokhala pa sitolo.

Funso: Amayi, ndine mphunzitsi kuno ku Katete. Akazi anga achitidwa opareshoni yochepetsa mimba ku Johannesburg, kumene akukhala kwa mng'ono wawo. Akufuna kubwera msanga chifukwa cha ana. Maganizo athu ndi akuti akwere ndege mpaka ku Lusaka, m'mawa mwake akwere basi. Kodi pa ulendo avale lamba uja kapena avule kuti akhale momasuka? Chinanso, amayi anga akonzeka kudzawathowa ndi madzi otentha monga amachitira akabereka. Kodi n'zololedwa? — Bambo wa ku Katete

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa tikiti isanagulidwe. Lamba avale, koma nkhawa yanga ili pa ulendowo.

Malangizo a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo ku Britain, amati munthu wochitidwa tummy tuck asakwere ndege masiku 7 mpaka 10 asanathe, ndipo madokotala ambiri amafuna milungu iwiri. Ine ndingati asanyamuke timapaipi tisanachotsedwe komanso dokotala asanaone chilonda n'kunena yekha kuti pitani. Timapaipito nthawi zambiri amatichotsa madzi otuluka akatsika kufika pafupifupi mamililita 30 pa tsiku, ndiye tsiku lake silidziwikiratu. Gulani tikiti yosinthika. Asanachoke apemphe kalata yofotokoza zimene anachitidwa, mankhwala amene akumwa, tsiku lochotsa ulusi ngati ulipo wochotsa, ndi nambala yoimba zinthu zikavuta.

Ndege ya ku Lusaka ndi ya maola awiri okha. Chovuta ndi Great East Road. Kuchokera ku Lusaka kufika kwanuko ndi pafupifupi makilomita 500, munthu atapinda miyendo kuyambira m'mamawa mpaka masana. Akakhala pampando, lamba amapindika m'mphechepeche, pamene pamadutsa mitsempha ikuluikulu yobweza magazi kuchokera m'miyendo. Onjezerani chizolowezi cha amayi athu chosamwa madzi pa basi poopa kusowa kokodza. Kukhala malo amodzi, kufinyika ndi ludzu, zitatuzi zikakumana magazi amaundana mu katumba, ndipo chibuma chake chikathothoka chimakatseka m'mapapo. Munthu amafa akuyankhula.

Ngati mungathe, apume ku Lusaka masiku angapo, kenako mukawatenge pa galimoto yaing'ono imene mungaimitse pamene mwafuna. Mpando augonekeko pang'ono, kamtsamiro pamimba, lamba wa galimoto pamwamba pa kamtsamiroko. Imani pa Chongwe, pa Rufunsa, pa mlatho wa Luangwa, pa Nyimba, pa Petauke ndi pa Sinda, paliponse atsike ayende mphindi zingapo ndi kuwongola chovala. Ngati palibe kuchitira mwina koma basi, atenge mpando wa m'mbali mwa kanjira, cha kutsogolo, azigwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi kawirikawiri, azitsika paliponse basi yaima, azimwa madzi. Chovala achikoleke pa ngowe zomasuka. Masokosi othina a kuchipatala avale, ndipo ngati anapatsidwa jakisoni kapena mapiritsi oletsa magazi kuundana asadumphe tsiku. Ngati amamwa mapiritsi olera, dokotala adziwe, chifukwa ena mwa iwo amawonjezera vuto lomweli. Katundu asagwire. Akafika, njinga ya kabaza kapena yamoto asakwere.

Milungu yotsatira muziyang'anira izi: mwendo umodzi kutupa kapena kuwawa mu katumba, kubanika, kupweteka pachifuwa popuma, mtima kuthamanga, kutsokomola magazi. Mukaona chimodzi mwa izi thamangirani ku chipatala cha St Francis, usiku kapena usana, ndipo mukanene msanga kuti anachitidwa opareshoni ndipo anayenda ulendo wautali.

Tsopano za amayi anu. Kuthowa pamimba imeneyi ayi, ngakhale kamodzi. Khungu la pansi pa mchombo lachita dzanzi ndipo likhala choncho miyezi yambiri. Mayi amene wabereka bwinobwino madzi akatentha amakuwa, wothowa n'kuchepetsa. Akazi anu sakuwa, adzangoona matuza m'mawa. Khungu lomwelo magazi akufikamo ochepa, ndiye likapsa silipola msanga. Botolo la madzi otentha, kuwothera mbaula pafupi, kukanda mimba ndi manja, mankhwala azitsamba opaka pa chilonda, zonsezi zidikire.

Koma nkhaniyi mukainene ndinu, bambo. Mkamwana sangakanize apongozi ake atatereka kale madzi pamoto. Adzangogona chete poopa kuoneka wamwano. Khalani pansi ndi amayi anu akazi anu asanafike, muwauze kuti adokotala aletsa, ndipo musawabweze manja ali lende. Ntchito yowayenera ilipo yambiri. Thupi lomanga chilonda limafuna mazira, nyemba, kapenta, nkhuku, ndiwo zotendera. Mankhwala opha ululu amadzimbitsa, ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka ulusi wa m'kati, ndiye papaya, masamba ndi phala la mgaiwa zisasowe. Chimbudzi chonyonyomala chimavuta masiku oyamba, konzani mpando woboola pakati. Pogona aike mitsamiro kumsana ndi pansi pa mawondo kuti mimba isakokeke, ndipo akamayenda chowerama masiku oyambirira musawaseke kapena kuwauza kuti awongoke. Mwana wamng'ono asamunyamule kapena kumubereka kumbuyo, ambuye ake alipo.

Fodya wa mtundu uliwonse atalikirane naye, wosuta ngakhale nsunko imene amayi ena amabisa m'chikwama. Chikonga chimafinya timitsempha ta magazi, ndipo pa opareshoni iyi ndiye mdani wamkulu wa khungu. Ngati inuyo mumasuta, kasutireni kutali. Za kuchipinda dikirani milungu 4 mpaka 6, dokotala akalola.

Funso: Anamwino, ndili ndi zaka 24. Ndabereka mwana wanga woyamba kudzera pa opareshoni masiku 10 apitawo. Mnzanga amagulitsa ma waist trainer, malamba othina ochepetsera m'chiuno, pa Facebook, akuti ndikachedwa kuvala mimba idzakhala yaikulu mpaka kale. Ambuya anga nawonso akuti ndimange chitenje. Ndayesa waist trainer ya pa salaula koma ikundipweteka pa chilonda. — Mtsikana wa ku Petauke

Yankho: Vula lero lomwe, mwanawe. Mnzakoyo akufuna ndalama, ndipo mantha ndiwo akugulitsira katundu wake.

Opareshoni yako ndi yosiyana ndi ya amayi awiri apamwambawa. Iwe sanasendeze khungu lonse, palibe malo aakulu ofunika kumatirira. Chimene chikukweza mimba yako panopa ndi chiberekero, chomwe chimatenga pafupifupi milungu 6 kuti chibwerere m'malo mwake, ndipo chimabwerera chokha, womanga ndi wosamanga chimodzimodzi. Kuyamwitsa kumachithandiza, n'chifukwa chake umamva m'mimba kupotokola mwana akamayamwa. Minofu ya pamimba nayo imabwerera pang'onopang'ono m'miyezi yoyamba.

Waist trainer ili ndi timawaya ndi mphira wosapitisa mphepo. Inapangidwa kuti ifinye pakati, ndipo zofinyidwazo zimathawira pansi, kukakankha minofu yogwira chikhodzodzo ndi chiberekero imene yatopa kale ndi miyezi 9 ya pakati. Mapeto ake ndi mkodzo kudontha ukatsokomola kapena kumva kulemera kumusi. Ya pa salaula sudziwanso kuti inavalidwa ndi yani, ndiye pafupi ndi chilonda cha masiku 10 isayandikire.

Ambuya ako sindikuwatsutsa kwenikweni. Lamba wofewa wa kuchipatala, wotambalala, womata ndi Velcro, amathandiza amayi ambiri kuti ululu uchepe podzuka ndi poyenda, ndipo kuyenda msanga ndi kumene timafuna. Amapezeka m'mafamase. Chitenje choyera, chositidwa, chokulungidwa motambalala kuyambira m'matako kukwera, chingagwire ntchito yomweyo, bola asachipote ngati chingwe ndipo mfundo isakhale pa chilonda. Chikhatho chizilowa. Masana vala, usiku vula. Tsiku lililonse yang'ana chilonda, ngati mimba ikuchiphimba ikweze ndi dzanja upukute paume. Chikafiira, kutuluka madzi kapena mafinya, kapena magazi akumusi akachuluka ndi kununkha, bwerera kuchipatala usanafike ulendo wa pa milungu 6. Pa ulendo umenewo ufunse anamwino akuonetse maseŵera olimbitsa minofu ya pansi ndi ya pamimba, ndipo mukambiranenso za kulera, chifukwa chiberekero chosokedwa chimafuna zaka ziwiri chisananyamule mwana wina.

Mimba ya mayi wa masiku 10 imayenera kuoneka choncho. Zithunzi za pa foni zisakupusitse, ojambulawo amakoka mpweya.

Funso: Anamwino, ine patha miyezi 4 chichitireni tummy tuck. Dokotala anati ndisiye chovala pa milungu 8 koma ndikavula ndimamva ngati mimba igwa, ndiye ndikuvalabe ngakhale pogona. Chipsera nacho chakwera, chada ndipo chimayabwa. Kodi ndikachithinitsa chiphwa? — Mayi wa ku Lundazi

Yankho: Amayi, mimba siigwa. Pa miyezi 4 zam'kati zinagwirana kale. Chimene mukumvacho ndi thupi lozolowera kugwiridwa, kuphatikizapo dzanzi limene lisanathe, ndi minofu ya pamimba ndi ya kumsana imene yakhala ikupuma chifukwa chovala chikuigwirira ntchito. Siyani mwapang'onopang'ono. Sabata yoyamba muzigona osavala. Yotsatira muzivula mukakhala pakhomo, n'kumavala poyenda ulendo wautali, monga wa pa msewu wanu wopita ku Chipata, kapena tsiku loima nthawi yaitali. Kenako sinthani n'kuvala kabudula wamkati wothina pang'ono ngati mukufunabe kumva kuti pali chokugwirani. Masiku oyamba madzulo mudzatupako, si chizindikiro choti mwalakwitsa. Yambani kuyenda mtunda tsiku lililonse, ndipo pemphani a physiotherapy kuchipatala akuphunzitseni kulimbitsa minofu popanda kudzipweteka. Pokhapokha mukaona chotupa chotuluka mukatsokomola n'kubwerera mukagona, makamaka pa mchombo kapena pa mzere wa pakati, chimenecho chikaonedwe ndi dokotala, musachibise pansi pa lamba.

Chipsera pa miyezi 3 kapena 4 ndi pamene chimaoneka choipa kwambiri. Chimakhwima pakati pa miyezi 12 ndi 18, n'kuyamba kuphwa ndi kufewa. Ife a khungu lakuda zipsera zathu zimakonda kuda ndi kukwera, ndipo ena amachita keloid, chipsera chimene chimakula kupitirira malire a chilonda. Ngati munachitapo chotupa cholimba pamene munaboola khutu kapena pa katemera wa paphewa, mudziwe kuti thupi lanu ndi lotero. Chovala chanu sichingachiphwetse, ndipo msoko wake ukamakhula pamzerepo ukungochiputa. Chimene chimathandiza ndi silicone, ya timapepala tomata kapena yopaka, maola 12 kapena kuposa pa tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu osadumphadumpha. Kutikita mzerewo ndi chala mphindi zochepa m'mawa ndi madzulo kumaufewetsa. Dzuwa lisawombepo. Mafuta oyeretsa khungu, mandimu, phulusa ndi mankhwala otsukira mano zisafikepo, zimangowotcha. Mukaona kuti chikukulirakulira m'mbali, chikuwawa, kapena kuyabwa kukukulepheretsani tulo, pitani kuchipatala msanga. Pali jakisoni wa steroid amene amabaya m'chipseramo pakatha milungu ingapo iliyonse, ndipo amagwira bwino chipsera chikadali chaching'ono kusiyana ndi chitakula kale.